Lipoti la nkhani: kuchira kwa agogo a zaka 79 atathyoka fupa la m'nyung'unyu

Lipotili likunena za mayi a zaka 79 amene ndinawathandiza pa mafizo kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni yawo mpaka patatha miyezi 6. Dzina lawo ndi zonse zowazindikiritsa ndazisiya, ndipo muno ndiziwatchula kuti agogo, monga ankatchulidwira m'wodi. Ndalilemba chifukwa opaleshoni inayenda bwino, bala linapola lopanda mafinya, komabe patatha mwezi umodzi agogowa anatsala pang'ono kukhala munthu wa pabedi mpaka kalekale. Chimene chinkawagoneka sichinali fupa.

Mmene anagwera

Asanagwe ankayenda okha opanda ndodo, ankasamba okha, ndipo ankatha kuyenda mphindi 20 osapumira. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi ndi mdzukulu wamkulu ndithu. Matenda odziwika anali awiri: BP yokwera, imene ankamwera amlodipine ndi hydrochlorothiazide (wachiwiriyu ndi mankhwala okodzetsa), ndi kutentha kwa mapazi usiku, kumene anapatsidwira amitriptyline miyezi ingapo ngoziyi isanachitike.

Usiku wa tsikulo anadzuka cha m'ma 3 koloko kuti akataye madzi. Akuti anangoti dzambatu, kuponda kawiri katatu, m'maso munada, kenako anazindikira ali pansi chammbali. Mwendo wakumanja unakana kusuntha. Anaitana koma mawu sanafike kuchipinda china, ndipo anapezeka cha m'ma 7 m'mawa atazizidwa, zovala zitanyowa. Munthu wachikulire akakhala pansi kupitirira ola limodzi timachiwerenga ngati vuto lapalokha, ngakhale fupa likhale lamoyo. Thupi limazizira, madzi amatha, ndipo minofu yopanikizika imayamba kuphwanyika n'kutulutsa zinthu zimene zimalemetsa impso.

Pofika kuchipatala mwendo wakumanja unali waufupi kuposa unzake, phazi litatembenukira kunja, ululu uli m'mphechepeche mwa ntchafu. X-ray inaonetsa kuti khosi la fupa la ntchafu lathyoka ndipo mutu wake wasunthiratu, gulu lachinayi, loipitsitsa, pa kagawidwe ka Garden kamene madokotala amagwiritsa ntchito pa kuthyoka kotere. Mitsempha yodyetsa mutu wa fupali imadutsa pakhosi pomwepo, choncho likathyoka motero mutuwo umasowa magazi, ndipo kulumikiza ndi zomangira kumalephera kawirikawiri. Madokotala a mafupa anasankha hemiarthroplasty, kutanthauza kuchotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo womatidwa ndi simenti ya mafupa. Kwa ife a mafizo ubwino wake ndi woti munthu atha kupondera mwendowo mawa lake lomwe.

Malangizo a 2011 a NICE, bungwe la ku Britain lolemba malangizo a zachipatala, amati opaleshoni yotere ichitike tsiku limene wodwala wafika kapena lotsatira. Kwa agogo inachitika tsiku lachitatu, chifukwa magazi anaonetsa kuti impso zalema ndipo sodium, mchere wa m'magazi, watsika kufika pa 128, pamene woyenera ndi 135 mpaka 145. Kuchedwa kumeneko kunali ndi chifukwa chomveka.

Pa pepala lowalandirira panalembedwa kuti "apunthwa usiku". Mawu amenewa sindiwakonda, chifukwa akangolembedwa aliyense amasiya kufunsa. Wopunthwa amakumbukira chimene chamukola. Agogo sanakoledwe ndi kanthu. Nditawafunsa ngati anagwapo chaka chathachi, anati: "Kugwa kwenikweni ayi, mwanangu. Kungokhala pansi mosafuna, kawiri." Mwana wawo sankadziwa. Zinatulukanso kuti ali ndi zaka 73 anathyoka dzanja pamfundo atagwa ataimirira, anawamanga pulasitala, n'kuwauza kuti achira. Za kulimba kwa mafupa awo palibe anazifufuza.

Masiku a m'wodi

Tinayamba tsiku lotsatira opaleshoni. Achibale ambiri amaona ngati nkhanza kudzutsa munthu amene wang'ambidwa dzulo, ndiye ndimafotokoza chifukwa chake ndisanagwire wodwala. Mwa anthu 100 othyoka fupa la m'nyung'unyu atakalamba, 20 mpaka 30 amamwalira chaka chisanathe, ndipo chowapha nthawi zambiri si fupalo ayi, koma zobwera ndi kugona: chibayo, magazi oundana m'mitsempha, zilonda za pogonera. Minofu nayo sidikira. Kafukufuku wa Kortebein ndi anzake wa 2007 anagoneka achikulire athanzi pabedi masiku 10, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu m'miyendo mokha. Amenewo anali athanzi, osathyoka kalikonse.

Ndinapempha anamwino kuti mankhwala a ululu aziperekedwa patatsala mphindi 30 kuti tiyambe. Kukhala m'mphepete mwa bedi kunatheka. Koma atangoimirira ndi chogwirira cha miyendo inayi, milomo inatuwa, thukuta linatuluka pamphumi, ndipo anati pansi pakuzungulira. Tinawagoneka, tinadikira mphindi 5, n'kuyeza BP: 146/82. Ataimirira mphindi imodzi inali 110/68. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo, kapena yapansi ndi 10, m'mphindi 3 munthu ataimirira, ndiye kuti magazi sakukwera msanga kupita kumutu. Kwa agogo yapamwamba inatsika ndi 36. Apa m'pamene nkhani ya usiku uja inamveka: mankhwala okodzetsa owadzutsa usiku ndi kutsitsa sodium, amitriptyline wowodzeretsa ndi kutsitsa BP poimirira, ndi kudzuka kwa dzambatu mumdima.

Dokotala wa m'wodi anaimitsa hydrochlorothiazide, n'kuyamba kuchepetsa amitriptyline pang'onopang'ono. Ine ndinawaphunzitsa kudzuka m'magawo: kukhala kaye pabedi miyendo ili pansi, kupinda ndi kuwongola akakolo kakhumi, kuimirira atagwira, kudikira m'maso muyere, kenako kuponda.

Usiku wachiwiri anasokonezeka mutu. Anazula diripi, ankaona anthu amene kunalibe, ankaitana malemu amuna awo. Mwana wawo anabwera kwa ine maso ali psuu, akuganiza kuti amayi ake ayamba misala. Sizinali choncho. Kusokonezeka kwadzidzidzi kumeneku, delirium, n'kofala mwa okalamba opangidwa opaleshoni ya m'nyung'unyu, ndipo kumakhala ndi zoyambitsa zofufuzika. Kwa agogo kunali ululu, sodium wotsika uja, kudzimbidwa, kachubu ka mkodzo, kusagona, komanso magalasi awo amene anatsala kunyumba. Kachubu kanachotsedwa, magalasi anabwera, mwana wawo analoledwa kukhala pafupi, makatani ankatsegulidwa masana. Sanamangidwe pabedi ndipo sanapatsidwe diazepam, mankhwala ogonetsa. Mafizo sitinasiye, kungoti munthu wosokonezeka salandira malangizo aatali, ndiye tinkanena chinthu chimodzi, achite, kenako china. Mutu unabwerera patatha masiku 4.

Anatulutsidwa patatha masiku 12 akuyenda mamita 20 ndi chogwirira. Pa mayeso a Timed Up and Go, amene Podsiadlo ndi Richardson anawafalitsa mu 1991, munthu amadzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka, kubwerera ndi kukhala. Agogo anatenga masekondi 44. Anapita ndi majakisoni a enoxaparin oteteza magazi kuundana oti akwanitse masiku 28, ndi malamulo a dokotala wa mafupa oti kwa masabata oyamba asapingase miyendo ndiponso asakhale pampando wotsika.

Sabata yachinayi

Anabweranso atakwera wilutcheya. Kudzuka pampando sankatha pokhapokha anthu awiri awakoke. Pachidendene chakumanja ndi pamchira wa msana khungu linali litayamba kuda ndi kutentha, chiyambi cha zilonda za pogonera. Ndinaganiza kuti mwina chitsulo chaguluka, koma X-ray inali yabwinobwino, bala louma, magazi osasonyeza matenda.

Zinachitika ndi izi. Usiku wachiwiri ali kunyumba agogo anamva chizungulire popita kuchimbudzi, mwana wawo anawagwira asanagwe. Kuyambira pamenepo chilichonse chinasamukira pabedi: chakudya, madzi osamba, chodzithandizira. Chogwirira chinaikidwa pakona. Mwana wawo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti: "Adokotala, ine ndi amene ndinawapeza amayi pansi paja. Sindingalole kuwapezanso choncho." Agogo nawo anati: "Akandigwira ndimayenda. Akanditaya, miyendo si yanga." Pa mafunso 7 oyezera mantha a kugwa, Short FES-I, amene malikisi ake amayambira pa 7 kulekezera pa 28, anapeza 25.

Apa m'pamene okalamba ambiri amatayikira, ndipo palibe amene amakhala ndi cholinga choipa. Munthu wamantha amaumitsa thupi, amaponda timasitepe tating'ono, maso ali pa mapazi, ndipo kayendedwe kotero kamamugwetsa msanga kuposa kuyenda momasuka. Akachepetsa kuyenda minofu imatha. Akagona nthawi yaitali mitsempha imaiwala kukankha magazi poimirira, ndiye chizungulire chimakula, ndipo chizungulirecho chimatsimikizira onse m'nyumbamo kuti kumugoneka kunali kolondola. Sabata iliyonse yogona imakhala umboni wofuna sabata ina.

Panalinso china. Nditapempha kuona mankhwala onse amene akumwa, osati olembedwa m'buku okha, mdzukulu anatulutsa m'chikwama botolo lakale la amitriptyline. Mapazi atayambiranso kutentha, agogo anabwerera ku mlingo wakale osauza munthu. BP inkatsikanso ndi 30 poimirira. Ndinawatumiza kwa dokotala tsiku lomwelo. Shuga anali bwino, koma vitamini B12 anapezeka wotsika, chimene chimawononga mitsempha ya kumapazi n'kuchititsa kutentha kotere komanso kusamva bwino pamene phazi laponda. Anayamba majakisoni a B12, ndipo botolo lija linatsala kuchipatala.

Mwana wa agogo sindinamudzudzule. Munthu amene wakhala masabata atatu osagona chifukwa cha mayi ake ukamuuza kuti walakwitsa, sabweranso. Ndinamupatsa ntchito. Mantha ake anali oona, ankangosowa pogwira.

Kenako ndinafunsa agogo chinthu choyamba chimene akufuna kuchita okha. Ndinkayembekezera kuti anena kuyenda. Iwo anati: "Kusamba. Mwana amene ndinabereka ndekha asamandisambitse." Dongosolo lonse tinalimanga pa mawu amenewo, chifukwa kuti munthu asambe yekha ayenera kudzuka pampando, kuyenda kukafika, kutembenuka pamalo opanikiza, kukhala, ndi kudzukanso miyendo ili yonyowa.

Ntchito yeniyeni

Tinayambira pa kudzuka pampando. Tinasankha mpando wolimba wokhala ndi mogwira, n'kuukweza ndi mitsamiro kuti chiuno chikhale pamwamba pa mawondo, kuti akamawerama asapinde nyung'unyu mopyola malire. Agogo ankasendera kutsogolo kwa mpando, mapazi kuwabweza pansi pa mawondo, manja pa zogwira za mpando osati pa chogwirira, n'kuwerama mpaka matako apepuke, kenako kukankha pansi ndi zidendene. Mwana wawo ankaima chammbali, kumbali ya mwendo wodwala, dzanja limodzi pa lamba kumsana, linalo lili chire. Kukoka wodwala manja kuchokera kutsogolo ndinaletseratu. Kumamuphunzitsa kutsamira chambuyo, ndipo tsiku limene womukokayo kulibe amagwa chagada. Poyamba ankadzuka katatu n'kutopa. Lamulo linali loti azichita katatu pa tsiku, chakudya chilichonse azidyera pampando, ndipo masana chodzithandizira chichoke m'chipinda.

Chovuta kwambiri kwa mwana wawo chinali kuchotsa dzanja lija. Tinagwirizana kuti azilisuntha pang'onopang'ono: kugwira lamba, kenako kungokhudza ndi zala ziwiri, kenako dzanja lili pafupi koma osakhudza. Tsiku limene agogo anadzuka n'kufunsa kuti "wandigwira kodi?" n'kupeza kuti ayi, anaseka kwa nthawi yoyamba chigwereni.

Mphamvu zitayamba kubwera tinalowa mu dongosolo la Otago, limene Campbell ndi Robertson analikonza ku University of Otago ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990. M'mafukufuku awo linachepetsa kugwa ndi pafupifupi 35 peresenti, ndipo linathandiza kwambiri a zaka 80 kupita m'tsogolo. Ndi masewera olimbitsa miyendo ndi ophunzitsa kukhazikika katatu pa sabata, kuphatikiza kuyenda kawiri pa sabata. Agogo ankaimirira atagwira tebulo lolemera n'kunyang'ama pa zala, kuima pa zidendene, kutambasulira mwendo kumbali, kupinda mawondo pang'ono, kuyenda chammbali, ndi kuima phazi lina kutsogolo kwa linzake. Pambuyo pake tinamanga cholemera cha kilogalamu imodzi pa akakolo. Ndimakumbutsa anzanga achinyamata pantchito kuti kuyenda kokha sikuphunzitsa kukhazikika. Masewerawa amapindula ngati munthu akugwedezeka pang'ono powachita. Akayamba kuwachita akucheza, nthawi yakwana yochotsa dzanja limodzi patebulo.

Ankalemera makilogalamu 48 ndipo ankadya pang'ono chifukwa mano oikirira anali atakhwepa. Munthu wachikulire amafunika zomanga thupi zokwana galamu 1.0 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo wochira opaleshoni amafunika zoposerapo. Mano anakonzedwa, ndipo katswiri wa kadyedwe anawalangiza kuti zomanga thupi zizipezeka pa chakudya chilichonse.

Za m'nyumba zinali zachidule: nyali yoyatsa asanatsike pabedi, kuchotsa kakapeti kotsetsereka, nsapato zogwira chidendene m'malo mwa zokhwepa, mpando ndi chogwira m'bafa, ndi foni yoti izikhala m'thumba la chovala usana ndi usiku. Anasamba okha koyamba pa sabata ya 9, mwana wawo ali kuseri kwa chitseko.

Kudzuka pansi

Chimene agogo ankaopa kwenikweni sikunali kugwa kokha, koma maola 4 aja amene anagona pansi usiku wa ngoziyo. Patatha masabata 12, dokotala wa mafupa atavomereza, ndinati tiphunzire kudzuka pansi. Anakana, misozi ili chuchuchu. Kumugoneka pansi munthu wotere n'kumuuza kuti dzukani n'kumubwezera usiku womwe uja.

Ndiye tinayambira kumapeto. Gawo loyamba linali lomaliza: ataimirira moyang'ana mpando, manja pampando, n'kutembenuka kukhala. Atalizolowera, anagwada bondo la mwendo wopangidwa opaleshoni pa mtsamiro, phazi la mwendo wamphamvu lili chiponde, n'kudzuka kukhala pampando. Kenako mawondo onse pansi. Kenako kukwawa pang'ono kufika pampando. Kenako kukhala chammbali pansi n'kutembenukira pa manja ndi mawondo. Kugona pansi kwenikweni kunabwera komaliza, pamene gawo lililonse lotsatira ankalidziwa kale. Zinatenga masabata atatu. Tinaphunziranso zochita ngati kudzuka kwakanika kapena akumva kuti china chathyoka: osalimbana, kuimba foni, kukoka chofunda chilichonse chapafupi, kuchoka ponyowa, ndi kusinthasintha magonedwe kuti mbali imodzi isapanikizike.

Mafupa

Munthu wa msinkhu uwu akathyoka fupa la m'nyung'unyu atangogwa kuchokera poimirira, n'zokwanira kunena kuti ali ndi osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa, ngakhale makina a DXA oyezera kulimba kwa mafupa asanamuyeze. Kwa ine chenjezo linali dzanja lija la pa zaka 73, ndipo zaka 6 zinadutsa opanda mankhwala. Impso zitabwerera m'malo ndipo mano ataonedwa, dokotala anawayambitsa mankhwala olimbitsa mafupa, alendronate wa 70 mg, kamodzi pa sabata pamodzi ndi calcium ndi vitamini D. Mankhwalawa ali ndi mwambo wake: kumwa m'mawa m'mimba muli mopanda kanthu, ndi madzi odzaza kapu, osagona kapena kudya kwa mphindi 30, kuopa kupsa kwa kummero. Akadzalephera kuwapirira, njira ina ndi zoledronic acid wa m'diripi kamodzi pachaka. Kafukufuku wa HORIZON wa 2007, wa anthu othyoka fupa la m'nyung'unyu, anapeza kuti mankhwala amenewa anachepetsa kuthyokanso kwa mafupa ndi 35 peresenti ndipo imfa ndi 28 peresenti.

Pamene tafika

M'mwezi wachisanu agogo anagwanso. Anatsetsereka potuluka m'bafa n'kukhala pansi ndi matako. Anadziyesa kaye, anakwawa kufika pampando wosambira, anadzuka, ndipo anauza mwana wawo tsiku lomwelo. Titawaona kunalibe chothyoka. Tinaika mphasa yosatsetsereka pakhomo la bafa, ndipo masewera sanaime.

Patatha miyezi 6 akuyenda ndi ndodo imodzi, yogwira kumanzere. Timed Up and Go ndi masekondi 16. Short FES-I yatsika kufika pa 12. BP ndi 138/80 atagona ndi 130/76 ataimirira, opanda chizungulire. Khungu la pachidendene ndi kumsana linachira lisanatseguke. Akusamba okha, kuvala okha, ndipo awonjezera makilogalamu 2. Kutentha kwa mapazi kwachepa koma sikunathe.

Sanabwerere mmene analili asanagwe. Akutsimphina chifukwa minofu ya m'mbali mwa chiuno chakumanja idakali yofooka, akayenda mphindi 10 amafuna kupuma, ndipo panja payekha sanayambe kupita patali. Bungwe la zaumoyo la CDC la ku America limawerenga masekondi 12 kapena kuposerapo pa mayeso a Timed Up and Go ngati chizindikiro choti munthu atha kugwa, choncho agogo adakali m'gulu limenelo, ndipo iwo ndi mwana wawo ndawauza mosabisa.

Zotsala ndi izi. Diso lakumanzere lili ndi ng'ala ndipo atumizidwa kwa dokotala wa maso, chifukwa kuona ndi diso limodzi kumasokoneza kuyeza kuya kwa masitepe. Masewera a Otago apitirire katatu pa sabata osalekeza, poti phindu lake limatha munthu akasiya, ndipo cholemera cha pa akakolo chikwezedwa kufika makilogalamu 2. Mankhwala aliwonse atsopano, makamaka ogonetsa, a ululu ndi a BP, azionetsedwa kaye kwa dokotala amene akudziwa mbiri ya kugwaku. Ndidzawaonanso pakatha miyezi 3, ndipo pa ulendo umenewo tidzayeza BP atagona ndi ataimirira, Timed Up and Go, mphamvu za m'mbali mwa chiuno, ndi kukwera masitepe opanda chogwira.